Garchomp wanu akumangofa asanagwire ntchito? Tiyeni tifufuze pomwe pakulakwika

Dandaulo la osewera gemu ya Pokémon pa chilombo cha Garchomp limakhala lofanana. Munthu walera Gible mpaka wasanduka Gabite pa level 24, kenako Garchomp pa level 48, wamaliza naye gemu yonse popanda womuima kutsogolo. Koma atangoyamba kulimbana ndi anthu anzake pa intaneti, chilombo chija chikumagwa pa turn yachiwiri, nthawi zina chisanaponye ndi Earthquake imodzi yomwe. Ena amafika ponena kuti Garchomp anatha, nthawi yake inali ya magemu akale a Diamond ndi Pearl. Ine sindivomereza. Manambala ake sanasinthe chimubweretsereni mu 2006: HP 108, Attack 130, Defense 95, Special Attack 80, Special Defense 85, Speed 102, zonse pamodzi 600. Ndi manambala omwewa amene anachititsa a Smogon, osewera omwe amaika malamulo awo a nkhondo za pa intaneti, kumuletsa m'gulu lawo lalikulu la OU pa nthawi imeneyo chifukwa ankavuta kumuimitsa. Chasintha ndi zilombo zomuzungulira, ndipo ambiri akumugwiritsabe ntchito ngati akumenyana ndi kompyuta, yomwe nthawi zambiri imangoima n'kumalandira nkhonya.

Musanasinthe kanthu pa timu yanu, yambani mwadziwa chimene chikumupha. Pa Pokémon Showdown, tsamba la pa intaneti lomenyerapo nkhondo za Pokémon, n'zosavuta, chifukwa nkhondo iliyonse mungathe kuisunga n'kuioneranso. Ngati mukusewera pa Switch, khalani ndi kapepala pafupi. Garchomp akagwa lembani amene wamupha, move imene wagwiritsa ntchito, ndiponso mmene Garchomp analowera m'bwalo: munayamba naye, munamulowetsa pakati pa nkhondo, kapena anabwera mnzake atafa. Mukachita zimenezi madzulo angapo mudzaona kuti imfa zake sizosiyanasiyana monga mmene mtima umakuuzirani mukapsa nazo. Zimagwera m'magulu ochepa.

Akufa ndi nkhonya imodzi ya Ice

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo ndikhalapo nthawi. Garchomp ndi wa mitundu iwiri, Dragon ndi Ground, ndipo yonse iwiri imaopa Ice, choncho move ya Ice imamupweteka kuwirikiza kanayi. Ambiri amadziwa zimenezi pakamwa chabe, sanawerengerepo. Tengani Ice Shard, kamove ka mphamvu 40 komwe kamaoneka kachabechabe. Akakaponya Mamoswine kapena Weavile, omwe ndi a mtundu wa Ice, mphamvu ija imakwera ndi theka kufika 60, ndiye mukawirikiza kanayi ndi 240. Earthquake ya Garchomp yomwe mumainyadira ija imafika 150 pa mdani wamba. Ndipo Ice Shard imatsogola kumenya posayang'ana liwiro, kotero ngakhale mutamunyamulitsa Choice Scarf, yomwe imakweza liwiro koma n'kumutsekera pa move imodzi, sizithandiza.

Koma amene amapha Garchomp wambiri si Weavile kapena Chien-Pao, chifukwa amenewa aliyense akawaona amadziwa kuti athawe. Oopsa ndi amene si a mtundu wa Ice koma abisa move ya Ice m'thumba. Great Tusk ndi Dragonite kawirikawiri amanyamula Ice Spinner. Zilombo zambiri za Water zimaphunzira Ice Beam, ndipo Ice Beam ya mphamvu 90 ikafika pa Garchomp imakhala 360 ngakhale woponyayo si wa Ice. M'magemu akale ofika pa Sun ndi Moon munali Hidden Power Ice, yomwe zilombo za Electric zinkanyamula makamaka pofuna Garchomp ndi Landorus. Anaichotsa mu Sword ndi Shield, koma mu Scarlet ndi Violet muli Tera Blast yomwe ingagwire ntchito yomweyo. Choncho ganizo lakuti "uyu ndi wa Electric, sangandichite kanthu" likhoza kukutayitsani chilombo.

Chizindikiro choti muzichiyang'ana ndi ichi. Tiyerekeze Garchomp wanu wayang'anizana ndi chilombo chomwe Earthquake ingachigwetse, mdani wachichotsa n'kulowetsa Slowking wa ku Galar, yemwe ndi wa Poison ndipo nayenso amaopa Earthquake. Munthu wodziwa gemu sangachite zimenezi popanda chifukwa. Mwina wanyamula Shuca Berry yochepetsa mphamvu ya Ground, mwina akufuna kusintha mtundu ndi Tera, koma mulimonsemo Ice Beam ili panjira. Mdani akalowetsa mwadala chinthu chooneka chofooka pamaso pa Garchomp, kapena akachisiya chili chiimire pomwe chimayenera kuthawa, muziganiza za Ice.

Mankhwala oyamba sali pa Garchomp, ali pa anzake asanu aja. Pakhale chilombo chimodzi, kapena ziwiri, chomwe mungalowetse mosaopa pamene Ice ikubwera. Mitundu ya Steel, Fire, Water ndi Ice yeniyeniyo imapirira. Heatran, wa Fire ndi Steel, amangolandira gawo limodzi mwa magawo anayi a nkhonya ya Ice, chimodzimodzinso ya Fairy, ndipo amapirira Dragon. Gholdengo amapirira zonse zitatu zimene Garchomp amaopa: Ice, Dragon ndi Fairy. Scizor amabweza ndi Bullet Punch, yomwe imatsogola ndipo imapweteka kwambiri a Ice ndi a Fairy. Samalani ndi Corviknight, anthu amamuyesa wopirira Ice chifukwa ndi wa Steel, koma mbali yake ya Flying imafafaniza ubwinowo. A Water nawo ali ndi Freeze-Dry yowavutitsa. Ngati pa timu yanu pali Garchomp, Dragonite ndi Landorus onse pamodzi, musavutike kufufuza, atatu onsewo Ice imawapweteka kanayi ndipo mmodzi ayenera kutsika.

Achiwiri ndi zomwe amanyamula. Yache Berry imadula pakati nkhonya yoyamba ya Ice, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimakwanira kuti Garchomp apulumuke n'kubweza. Focus Sash imamusiyira HP imodzi ngati analowa ali wathunthu. Zonse ziwiri zili ndi dzenje limodzi: ma move omenya kangapo. Icicle Spear ya Baxcalibur kapena Cloyster, ngakhalenso Triple Axel ya Weavile, imadya Yache pa kumenya koyamba, kotsatirako n'kumalowa ndi mphamvu zonse. Sash nayo imathera pomwepo, ndiponso imakhala yopanda ntchito mukangoponda Stealth Rock kapena Spikes, misampha yotcheredwa m'bwalo yomwe imavulaza chilombo polowa.

Achitatu ndi a amene akusewera Scarlet ndi Violet, zomwe zinatuluka mu 2022. Tera Steel, yomwe imamusandutsa wa mtundu wa Steel, imatembenuza zinthu, chifukwa Steel imapirira Ice, Dragon ndi Fairy, zonse zitatu, pomwe Earthquake ndi ma move a Dragon amakhalabe ndi mphamvu yawo yowonjezera ija. Ndimaikonda kwambiri, koma musaidalire mwakhungu. Garchomp wa Steel amayamba kuopa Ground, Fighting ndi Fire. Pamaso pa Mamoswine mwathawa Ice Shard n'kugwera pa Earthquake, ndipo pamaso pa Great Tusk ndiye mwadzipereka nokha, popeza mitundu yake yonse iwiri imaphwanya Steel. Amasiyanso kukhala wosagwidwa ndi Electric, kotero Thunder Wave imayamba kumugwira. Tera Fire imapirira Ice ndi Fairy ndipo siipsa, koma akatuluka n'kubwereranso Stealth Rock imamudula kota ya HP yake. Tera imagwiritsidwa ntchito kamodzi pa nkhondo yonse, ndiye isungireni turn imene kupulumuka kwa Garchomp kukutanthauza kupambana, osati kungotalikitsa moyo wake pang'ono.

Amene mumaganiza kuti muwatsogolera akukutsogolerani

Apa yang'anani nature, khalidwe la chilombo lomwe limakweza nambala imodzi n'kutsitsa ina. Ulemerero wa Garchomp uli pa ma point awiri aja opitirira 100. Pa level 50, wa nature ya Jolly wokhala ndi ma EV (ma point amene chilombo chimapeza pochiphunzitsa) 252 pa Speed amafika 169, pomwe zilombo za Speed 100 monga Salamence, Volcarona kapena Charizard zimathera pa 167. Mukamupanga Adamant amatsikira pa 154, ndipo onsewo amamudutsa. Pa level 100 manambala ake ndi 333 kwa Jolly, 303 kwa Adamant, 328 kwa a 100 aja. Ngati Garchomp wanu munangomugwira kutchire n'kumulera pomenya chilichonse chimene mwakumana nacho, ma EV ake ndi omwazikana ndipo sakufika ngakhale pa 154. Zokonzera zilipo m'gemu momwemo: Jolly Mint imasintha mmene nature ikugwirira ntchito, Bottle Cap imakweza ma IV (ma point obadwa nawo) kwa munthu wa Hyper Training mumzinda wa Montenevera mu Scarlet ndi Violet, ndipo pali zipatso zotsitsa ma EV olakwika kuti muyambirenso. Mukadali komweko onaninso ability. Sand Veil ilibe phindu ngati mulibe woyambitsa mphepo ya mchenga. Ability Patch imamupatsa Rough Skin, yovulaza aliyense womukhudza, yomwe ndi imene mukuifuna.

Komabe tivomereze kuti 102 ya lero si ya kale. Latios ali pa 110, Iron Valiant 116, Roaring Moon 119, Flutter Mane 135, Dragapult 142, ndipo onsewa ali ndi chomupweteka nacho. Garchomp saphunzira Dragon Dance. Njira yake yokwezera liwiro ndi Scale Shot, yomwe imamenya kawiri mpaka kasanu, mphamvu 25 kumenya kulikonse, kenako imakweza Speed n'kutsitsa Defense. Akanyamula Loaded Dice imamenya kanayi kapena kasanu. Wa Jolly akakwera sitepe imodzi amafika 253 pa level 50, kudutsa Dragapult wa 213. Wa Adamant amafika 231, zomwe zikutanthauza kuti pa Scale Shot pokha Adamant akhoza kuloledwa. Koma Flutter Mane amene Booster Energy yamukwezera liwiro amapitirira 300, simungamupeze. Ndipo Defense yotsika ija ndi khomo lotsegulira Ice Shard, Extreme Speed ya Dragonite ndi Sucker Punch ya Kingambit. Musayambe kukwera amenewa akadali moyo ndi mphamvu zawo.

Outrage ikukutsekerani m'bwalo

Outrage ili ndi mphamvu 120, ndipo imakopa. Mukaiyamba simungasinthe move kapena kutuluka kwa ma turn awiri kapena atatu, kenako Garchomp amasokonezeka mutu. Kuyambira 2013, pamene X ndi Y anabweretsa mtundu wa Fairy womwe Dragon saukhudza n'komwe, move imeneyi yakhala msampha.

Pali kusamvetsa kumene ndimakuona kawirikawiri. Mdani akalowetsa Clefable pa turn yomwe mwaponya Outrage, move imalephera ndipo loko imamasuka, mungathe kutuluka. Choopsa chenicheni ndi pamene Outrage yagwira ntchito. Mwapha chilombo ndi kumenya koyamba, mwasangalala, mdani walowetsa Iron Valiant kapena Azumarill mwaulere, inu mukadali wotsekeredwa. Turn imeneyo simungachite kanthu. Iye asankha kukuphani ndi Moonblast kapena Play Rough, kapena kudzikweza mphamvu n'kusesa timu yonse. Zimachitikanso ndi a Steel, omwe amalandira Outrage mopirira inu n'kukhalabe omangika.

Lamulo ndi losavuta: werengani a Fairy ndi a Steel pa team preview, pomwe mumaona timu ya mdani nkhondo isanayambe, ndipo musakhudze Outrage mpaka atatha. Ngati mukuona kuti dzanja silikumvera, ichotseni n'kuikapo Dragon Claw ya mphamvu 80 kapena Scale Shot. Pofuna kumenya a Fairy okha, Iron Head ndi Poison Jab zonse ndi za 80 ndipo sizimaphonya. Nthawi zambiri Earthquake imawakwanira a Fairy oyenda pansi. Ovuta ndi Togekiss ndi Enamorus, a Fairy ndi Flying, omwe sakhudzidwa ndi Earthquake ngakhale Dragon. Kwa amenewa Stone Edge, Iron Head kapena Poison Jab n'zofunika ndithu.

Skarmory ndi Corviknight akungomuyang'ana

Mbalame zachitsulozi sizikhudzidwa ndi Earthquake ndipo zimapirira Dragon. Garchomp wopanda move ya Fire alibe chochita nazo. Fire Fang ili ndi mphamvu 65 yokha, ndipo popanda Swords Dance, move yokweza Attack, kapena Tera Fire siimadutsa pa Skarmory wa Defense 140, yemwe amangochira ndi Roost kwinaku Rocky Helmet yake ikukudyani. Fire Blast ndi yabwinoko pa iyeyu chifukwa Special Defense yake ndi 70, ngakhale imaphonya nthawi zina. Corviknight akayamba Iron Defense ndi Body Press, tulukani basi.

Ena anamva kuti mbalame ikachita Roost imataya mtundu wa Flying pa turn imeneyo, ndiye amaponya Earthquake poyembekezera kuti igwira. N'zoona kuti imataya, koma kuyambira pamene yachita Roost mpaka kutha kwa turn. Garchomp ndi wothamanga kuposa mbalame zonse ziwiri, choncho Earthquake yake imapita mbalame ikadali m'mwamba. Njira yodalirika ndi mnzake. Magnezone ndi Magnet Pull amatsekera a Steel kuti asatuluke n'kuwawotcha ndi Thunderbolt, ngakhale Corviknight wa U-turn kapena aliyense wonyamula Shed Shell amathawabe. Palinso Dondozo ndi Clefable a Unaware, omwe saona n'komwe Swords Dance yanu. Mukhoza kuvina katatu, kwa iwo zili chimodzimodzi. Amenewa asiyireni ena pa timu.

Wapsa, kapena Attack yatsitsidwa

Apa palibe zambiri. Kupsa kumadula pakati mphamvu ya ma move akuthupi, ndipo Garchomp wakupsa watha ntchito ngati womenya. Musamulowetse pa Rotom-Wash poganiza za Electric yokha, Will-O-Wisp ndi Hydro Pump zilipo ndipo Levitate imamuteteza ku Earthquake. Pamaso pa Moltres kapena Volcarona a Flame Body, yomwe imatha kuwotcha owakhudza, gwiritsani ntchito ma move osakhudza thupi: Stone Edge, Scale Shot ndi Earthquake sizikhudza, pomwe Outrage, Dragon Claw, Iron Head ndi Fire Fang zimakhudza. Lum Berry imachiritsa kamodzi. Za Intimidate ya Landorus-Therian, Incineroar kapena Gyarados, Clear Amulet imatseka.

Mwina mwamusenzetsa ntchito zambiri

Ngati zonsezi mwaziona koma akumafabe pachabe, tsegulani ma move ake anayi aja muwayang'ane. Ndimakumana ndi Garchomp wa Stealth Rock, Swords Dance, Earthquake ndi Outrage, atanyamula Rocky Helmet, ma EV onse ali pa Attack ndi Speed. Mwini wake akufuna atchere miyala, alandire nkhonya, adzikweze, asese. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Garchomp alibe move yodalirika yochirira kupatula Rest, ndiye HP iliyonse imene wataya potchera miyala pa turn yoyamba ndi HP imene idzasowe pomwe mukufuna amalize nkhondo.

Sankhani chimodzi. Ngati ndi wosesa, mupatseni Swords Dance, Scale Shot, Earthquake ndi move imodzi yotseka dzenje la timu yanu, ndi Loaded Dice, ndipo mubiseni. Asalowe m'bwalo kufikira omuopseza atafooka, ndipo alowe mnzake akafa kapena kudzera pa U-turn kapena Volt Switch ya mnzake wochedwa, kuti nkhonya ya turn imeneyo ilandiridwe ndi wotulukayo. Malo ake ovinira Swords Dance ndi pamaso pa chilombo chomwe chikukakamizika kuthawa, monga wa Electric amene Choice yamutsekera pa Thunderbolt, kapena Heatran wopanda Air Balloon.

Ngati ndi wolandira nkhonya, iwalani zosesa. Nature ya Impish, ma EV pa HP ndi Defense, Rocky Helmet, Stealth Rock, Spikes, Earthquake ndi Dragon Tail. Aliyense womukhudza amataya gawo limodzi mwa 8 chifukwa cha Rough Skin, ndi gawo limodzi mwa 6 chifukwa cha chisoti, pafupifupi 29 pa 100 alionse pa kukhudza kumodzi. U-turn imakhudza, Rapid Spin imakhudza, Knock Off imakhudza. Garchomp ameneyu akafa atatchera miyala n'kudula zilombo ziwiri za mdani, wagwira ntchito yake, musamulire. Ineyo ndimaona kuti kwa munthu amene akuyamba kumene kulimbana ndi anzake, uyu ndiye woyenera kuyamba naye, chifukwa safuna kuti muziwerenga maganizo a mdani turn iliyonse.

Ngati ndi wa Choice Scarf, ntchito yake ndi kubwezera: kulowa mnzake atafa, kupha amene wadzikweza, n'kutuluka. Musanaponye Earthquake yang'anani ngati kumbuyo kwa mdani kuli wa Flying, wa Levitate kapena wa Air Balloon, chifukwa akalowa ameneyo mwamupatsa turn yaulere.

Pa nkhondo za awiriawiri

Mipikisano yovomerezeka ya The Pokémon Company imaseweredwa awiriawiri, pa level 50, mukubweretsa zilombo zinayi mwa zisanu ndi chimodzi, ndipo mavuto a Garchomp amasinthako. Earthquake imamenyanso mnzanu, ndipo ikamenya oposa mmodzi mphamvu yake imatsikira pa magawo atatu mwa anayi. Ngati mnzakeyo si wa Flying, alibe Levitate kapena Telepathy, mudzapezeka mukuwononga Protect yake kuti Garchomp amenye. Rillaboom akayala Grassy Terrain, Earthquake imadulidwa pakati, ndipo Wide Guard imaitseka pamodzi ndi Rock Slide. N'chifukwa chake ambiri amanyamulanso Stomping Tantrum, yomwe imalunjika mmodzi ndipo udzuwo suichepetsa. Outrage isapezeke n'komwe kuno, imasankha yokha womumenya. Protect ipezeke, pokhapokha wanyamula Choice. Icy Wind, ngakhale ndi ya mphamvu 55, imamupweteka kanayi n'kumutsitsa liwiro, ndipo imapezeka pa zilombo zambiri zothandizira.

Onani zimene anachita Sejun Park wa ku South Korea, yemwe anapambana mpikisano wa dziko lonse wa 2014 ku Washington, D.C. Aliyense amakumbukira Pachirisu wake, koma pa timu yomweyo panali Garchomp, pamodzi ndi Talonflame ndi Gyarados omwe Earthquake siiwakhudza (Gyarados asanasanduke Mega). Pachirisu ankagwiritsa ntchito Follow Me kukokera kwa iye nkhonya zolunjika mmodzi, anzake n'kumapeza mpata womenya. Mu Scarlet ndi Violet ntchito imeneyi amagwira Amoonguss ndi Rage Powder, Indeedee wamkazi kapena Ogerpon ndi Follow Me, ndipo Fake Out ya Incineroar imagula turn imodzi. Kumbukirani kuti kukokera kotereku sikutseka ma move omenya onse awiri monga Icy Wind, Blizzard kapena Dazzling Gleam. Mukaona pa team preview kuti mdani ali ndi Flutter Mane, Chien-Pao ndi Rillaboom pamodzi, Garchomp akhale m'gulu la awiri otsala kunja pa nkhondo imeneyo, mulowetse wa Steel m'malo mwake.